Ba Sakala, Amene Ankatikumbira Maenje a Michombo

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikireni m'manda Ba Sakala, ndipo mwezi womwe uno anthu ena abwera ndi malata kudzatchinga paki yathu ya ku Kabwata. Sitikuwadziwa. Ena akuti pamangidwa mashopu, ena akuti malo oimikapo magalimoto. Chimene ine ndaona ndi maso anga, nditasuzumira pampata wa malata pochokera kutchalitchi, ndi penti yofiira. Apaka mitengo yonse yoti idulidwe. Jakaranda wa pafupi ndi akatungwe nayenso amupaka.

Pansi pa jakaranda ameneyo pali mchombo wa mwana wanga Tisa, kapena ndinene kuti ndi mmene ndakhala ndikudziwira zaka zambiri. Tisayo ali ku Chelstone kwa mwamuna wake, ndi woyembekezera, ndipo mwezi wake ndi uno. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera. Ine ndine mayi wa chigwirizano kutchalitchi kwathu, ndimadziwa kuti moyo wa munthu uli m'manja mwa Mulungu, suli mumtengo. Ndimadziwa ndithu. Koma chionereni penti ija chakudya sichikutsika. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe za mkulu ameneyu, chifukwa ndikangokhala manja ali chete mtima ukuthamanga.

Ana a masiku ano ena sadziwa. Mwana akabadwa, pakapita masiku kachingwe ka pamchombo kamauma n'kugwa. Kwathu ku Katete sititaya kameneko. Amayi aakulu amakakwirira pakhomo, pamalo odziwika, kuti mwanayo akhale ndi kwawo. Nanga ife a m'tauni, okhala nyumba za lendi? Lero uli ku Kabwata, mawa alandilodi akuthamangitsa uli ku Emmasdale. Ungasiye mchombo wa mwana wako pakhomo pa munthu amene mwasiyana mokangana? Ena ankasunga m'kabotolo pansi pa sutikesi. Ena ankaponya m'chimbudzi n'kumalira mobisa. Ife a ku Kabwata tinali ndi Ba Sakala, wosamalira paki.

Unkapita m'mawa, ndi mayi mmodzi wamkulu wokuperekeza. Sunkafunika kufotokoza. Akangoona kansalu komanga m'manja mwako, ankaika pansi kheni yawo yothirira n'kutenga khasu. Ankazungulira paki yonse pang'onopang'ono ngati munthu wofuna malo omanga nyumba, majombo akulira phwa, phwa. Majombowo sankavula, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Akakumba dzenje ankatembenuka, kuyang'ana kumsewu wopita ku Woodlands, manja kumbuyo, n'kumaimba mluzu nyimbo ya m'tchalitchi. Ankati za michombo ndi za akazi, iwo gawo lawo ndi dothi basi. Ukaika kansalu kaja n'kukwirira pang'ono ndi manja, unkatsokomola. Pamenepo ndiye ankacheuka, n'kubweretsa mbande ya mtengo m'chitini, n'kuibzala pamwamba pake. Kenako ankakuuza kuti mtengowo tsopano ndi m'bale wako, m'chilimwe uzimubweretsera madzi otsukira mbale, koma asakhale a sopo wambiri.

Pakiyo sinayambe ngati paki. Ba Sakala ankati pamene ankafika mu Lusaka ali mnyamata, pamalopo panali bwalo la dothi lofiira pomwe malole ochokera kum'mawa ankatsitsira anthu ndi mitolo yawo. Chapafupi panali nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zimene azungu anamangira amuna obwera kudzagwira ntchito. Zochepa zidakalipo, masiku ano amagulitsiramo ziboliboli. Iwo anayamba ndi ntchito ya m'dimba la maluwa kwa mzungu wina ku Kabulonga, ndipo ndi kumeneko anaphunzira kufesa mbande. Pamene bwalo lija ankalikonza kuti likhale paki, anawalemba ntchito yolisamalira. Ine ndinaipeza idakali yokongola. Panali pompi pakona, akatungwe a ana, ndi kasupe wa simenti wokhala ndi nsomba ya simenti pakati, yolavula madzi m'mwamba. Loweruka akwati ankachita kudikirana kuti ajambulitse pansomba ija. Kenako madzi anasiya kutuluka, maunyolo a akatungwe anabedwa, anyamata otsuka magalimoto analanda mbali ya kumsewu. Ba Sakala anawapumitsa ntchito, koma m'mawa mwake anabweranso ndi kheni yawo, ndipo palibe anawaletsa.

Mukawafunsa kuti nsanja ya thanki ya madzi ya pafupi ndi pakiyo inamangidwa liti, sankatchula chaka. Ankati inamangidwa pamene mango a mwana wa uje anayamba kubala. Msewu anauthira phula pamene mlombwa wa mapasa aja unafika m'chiuno. Mbiri yonse ya dera lathu inali m'mitengo yawo, ndipo mtengo uliwonse unali ndi dzina la mwana wa munthu.

Musaganize kuti anali munthu wofatsa. Anali waukali, pakamwa pakuthwa. Mwana akathyola nthambi ankamuthamangitsa mpaka pakhomo pa amake. Alaliki ena atamanga zingwe za tenti kumitengo, anakazidula ndi chikwanje pakati pa ulaliki, tenti n'kugwera oimba. Mkulu wina wa mpingo wathu anawadzudzula pamaso pa anthu kuti akuphunzitsa akazi kupembedza mitengo. Iwo anayankha kuti sanaonepo mayi akugwadira mtengo m'paki mwawo, amangoona amayi akugwada pansi pa mtengo, ndipo ngati mkuluyo sakuona kusiyana kwake apite akapimitse maso. Anakhala nthawi yaitali osadya mgonero chifukwa cha mawu amenewo, koma Lamlungu sankaphonya, ankakhala benchi ya kumbuyo ndi majombo awo.

Chaka china magetsi ankazimazima ndipo makala anakwera mtengo kwambiri. Amuna ena anabwera ndi nkhwangwa kuti adule nkhuni m'paki. Ba Sakala sanalimbane nawo, anangotuma mawu kumsika. Posakhalitsa amayi tinadzaza pakiyo, ena ndi ufa m'manja, ena ochokera kumsika wa Soweto atasiya tomato wawo pabenchi, aliyense wakumbatira mtengo wake. Amuna aja anabwerera nkhwangwa zili paphewa. Sipanadulidwe ngakhale nthambi.

Koma nkhani imene ndikufuna kunena ndi ya Tisa.

Mchombo wa Tisa tinaukwirira pafupi ndi pompi, ndipo Ba Sakala anabzalapo gwafa. Ndikukumbuka bwino chifukwa tsikulo ndinaterereka pamatope a pompiyo. Tisa atayamba kulankhula anadwala chikuku choopsa, anatigoneka kuchipatala. Maso anatsekeka, kukamwa zilonda, madzi osameza. Tsiku lina mlamu wanga anandilandira kuti ndikasambe kunyumba, ndipo ndinadzera m'paki. Ndinapeza mtengo wa gwafa uja wauma. Chiswe chinali chitaudya kuchokera pansi, masamba onse ali gwa. Ndinakuwa ngati pachitika maliro.

Ba Sakala anabwera osathamanga.

"Atate, mtengo wa Tisa wauma! Mwana wanga akupita!"

"Uti?"

"Uwu, wa gwafa."

Anayang'ana mtengowo, anayang'ana ine. Kenako anapukusa mutu ngati ndawakhumudwitsa.

"Amake Tisa, kusagona kwakusokonezani mutu. Gwafa uyu ndinangobzala ndekha, alibe mwini. Wa Tisa ndi uyo." Analoza jakaranda wa pafupi ndi akatungwe, wobiriwira, wonenepa.

"Koma Atate, tinakumba pafupi ndi pompi. Ndinaterereka..."

"Anakumba ndani, inu kapena ine?"

Anandigwira pamkono n'kundikokera kujakaranda kuja, anandipatsa kheni yodzaza. "Thirani. Mukatha mubwerere kwa mwana, mukamuuze kuti mtengo wake ukumudikira." Ndinathira ndikulira, ndikupemphera. Ndinabwerera kuchipatala miyendo ili ndi mphamvu. Patapita masiku Tisa anatsegula maso n'kupempha phala. Ambuye alemekezeke, ndi Iwo anamuchiritsa. Kuyambira pamenepo ndinkathirira jakaranda, ndipo za matope a pompi ndinazikankhira kutali m'mutu mwanga.

Zinaululika Tisa ali kale kusekondale. Chilimwe china ndinafika ndi ndowa yanga, n'kupeza Bana Mulenga, mayi wa Chibemba wogulitsa tinsomba ta kapenta ku City Market, akuthira madzi pajakaranda yemweyo.

"Muli shani, Amake Tisa? Zikomo mwandi, mwabwela kunithandiza kuthilila mtengo wa Mulenga."

"Wa ndani?"

"Wa Mulenga wanga, uja ali ku Kitwe."

"Bana Mulenga, musaseke nane. Uwu ndi wa Tisa."

Mayi wina wootcha chimanga pamsewu anayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba. Anati ifeyo ndife awiri chabe, iye akudziwa enanso amene amathirira mtengo womwewo, ndipo aliyense anausonyezedwa pa nthawi imene mtengo wa mwana wake unauma.

Bana Mulenga sadziwa kubisa mkwiyo. Anawapeza Ba Sakala atakhala pa dramu lawo, akusoka thumba la mbande.

"Ba Sakala, imwe! Mtengo umozi, bana bangati? Ni minibasi iyi? Mwatisandutsa magadeniboyi ba mahala, tikuthililani mitengo zaka zonse izi na boza!"

Mkuluyo sanakweze mutu msanga. Atatha kumanga ulusi anatenga khasu n'kuwapatsa.

"Kakumbeni. Mukaupeza wa Mulenga, muutenge muupititse ku Kitwe."

Bana Mulenga anagwira khasu lija, anayang'ana jakaranda, anaponya khasu pansi. Madzi otsala m'ndowa anawathira pamajombo a mkuluyo n'kumapita akutukwana m'Chibemba. Dzinja lonse sanalankhulane. Koma chilimwe chitafika ndinawapezanso pamtengo paja ndi ndowa. Tinayang'anana, tinathira tonse. Ndi mmene tinakhalira paubwenzi mpaka lero.

Ine sindinawafunse Ba Sakala nthawi imeneyo. Ndinkaopa yankho. Ndinadzawafunsa atadwala, atatengedwa ndi mwana wawo Esinati kukakhala ku Emmasdale. Apo n'kuti Tisa atangopita padera kachiwiri, ndipo maganizo a gwafa wouma uja anali atandibwerera. Ndinkati mwina mwana wanga anachira chikuku koma china chake chinauma m'kati mwake pamodzi ndi mtengo uja. Mulungu andikhululukire, koma ndi mmene ndinkaganizira.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, miyendo itatupa. Kanali koyamba kuona mapazi awo opanda majombo, oyera ngati a khanda. Ndinagwada pambali, tinapemphera, kenako ndinati, "Atate, ndiuzeni zoona. Wa Tisa ndi uti?"

M'malo moyankha anandifunsa ngati mkuyu udakalipo. Mkuyu ndi mtengo waukulu kuposa yonse m'pakimo, uli kukona ya kunsanja ya madzi. Mthunzi wake ndi umene oyendetsa matakisi amagonapo masana. Palibe amene ankadziwa mwini wake, tinkangoti unamera wokha. Ndinati ulipo, ukubala mpaka mileme kutisowetsa mtendere.

"Ndi wa Lazaro," anatero. "Woyamba wanga."

Sindinkadziwa kuti anali ndi mwana dzina lake Lazaro. Anandifotokozera pang'onopang'ono, akupuma. Mwanayo anabadwira m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya mzungu ku Kabulonga. Agalu a pamenepo ankafukula chilichonse chokwiriridwa, ndiye malemu akazi awo anamanga mchombo pakansalu, nayenda wapansi mpaka kubwalo la dothi lofiira kumene anatsikira lole pobwera m'tauni. Anati kumeneko ndiye kufupi ndi kwawo. Ba Sakala anakumba, anatembenuka, anabzala mkuyu. Lazaro anamwalira asanayambe n'kuyenda komwe.

"Titachoka kumanda ndinatenga nkhwangwa kuti ndikaudule. Ndinaupeza waphukira masamba atsopano. Sunkadziwa kanthu, Amake Tisa. Mtengo sudziwa kanthu. Taonani mmene wakuliramo, mwini wake ali m'manda zaka zonsezi."

"Nanga munkatikumbiranji, Atate?"

"Mayi wa khanda amafunika pokathira madzi. Mukanakhala m'nyumba ndi mantha anu aja mukanapenga." Anaseka mpaka kutsokomola. "Komanso mitengo yonse ija akanandithirira ndani? Pompi inauma kale."

"Koma wa Tisa ndi uti?"

Anatseka maso. Anati mchombo wa Tisa unasanduka dothi kalekale, ndipo mizu ya m'paki muja inakumana pansi, palibe mtengo umene sunalaweko. Anati ndisiye kufunsa, ndikawagulire malalanje. Ndinakagula. Chitsanzikireni tsiku limenelo, sindinawaonenso ali moyo.

Ndinalemba mpaka apa Lamlungu madzulo, ndikuganiza kuti mawu awo aja andilimbitsa. Ndinkawabwereza ndikutsuka mbale, kuti mtengo sudziwa kanthu, mtengo sudziwa kanthu. Lachiwiri m'mawa Bana Mulenga anagogoda pawindo langa.

"Amake Tisa, bayamba."

Makina odulira mitengo ankamveka mpaka kunyumba. Tinathamanga, ine chitenje chili m'manja. Pampata wa malata tinapezapo amayi ena, ena oti sindinawaone zaka zambiri, imvi zili mbuu. Mlonda anati sitingalowe. Nthawi ino panalibe wotuma mawu kumsika, panalibenso mtengo woti n'kuukumbatira, malata atalika kuposa ife. Tinangosinthana kusuzumira. Itafika nthawi yanga, odulawo anali atafika pajakaranda. Jakarandayo anali atachita maluwa thoo, monga amachitira mwezi uno. Bana Mulenga anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Ndinayamba Pemphero la Ambuye koma ndinangofika pakati. Mtengo unalira, unapendama, unagwa, maluwa n'kuuluka pamodzi ndi fumbi mpaka kutigwera kunja kwa malata.

Ndinapatsa Bana Mulenga foni yanga kuti andiimbire Tisa. Inaitana, inaitana, osayankha. Anaimbanso. Pamenepo ndinakhala pansi pafumbi, ndinati Ambuye, ngati ndinalakwa kukwirira kansalu kaja, langani ine.

"Mami? Nenze mu bafa. Ni chani?"

"Tisa! Uli bwino, mwana wanga?"

"Nili chabe bwino. Koma uyu muzukulu wanu anichaya makiki monga ali pa bola, sinagone. Mami, mulila?"

"Ayi, ndi fumbi."

"Fumbi ya pa foni?" Anaseka. Kuseka kwakeko ndinakumva mpaka m'mafupa. "Mami, popeza mwatuma foni, nifunseko. Mchombo wa mwana tizaika kuti? Kuno balandilodi banaika simenti yadi yonse."

Miyezi yonseyi ine sindinayerekeze kuganiza za mchombo wa mwana ameneyu, kapena dzina, kapena kugula thewera limodzi, kuopa kuti zingachitikenso. Koma mwana wanga, amene anataya awiri, akuganiza kale za pokwirira. Ndinamuuza kuti tiona, Mulungu atipatsa malo. Bana Mulenga nawonso anaimbira Mulenga wawo ku Kitwe. Anamupeza ali pantchito, anawakalipira kuti akumusokoneza.

Mwana sanabadwebe pamene ndikulemba izi. Foni ndikugona nayo pamtsamiro, ikangolira ndimaitola msanga. Chikwama cha kuchipatala ndalongedza, chili pakhomo. Amayi anzanga a chigwirizano, musatope kumutchula Tisa m'mapemphero.

Dzulo mlonda anandimvera chisoni, anandilola kulowa pang'ono antchito atapita kukadya. Sindinaidziwe paki yathu. Kuwala kwachuluka, kumwamba kwakula, nsanja ya madzi ikuoneka yonse kuchokera pansi. Paliponse zitsa, zina zikutulukabe madzi. Dothi lofiira lija ankanena Ba Sakala labwereranso poyera. Nsomba ya simenti yagona chammbali, kukamwa kuli yasa. Mkuyu wa Lazaro wokha ndiwo waimabe ndi penti yake yofiira, akuti akudikira makina aakulu. Dramu limene ankakhalapo lidakali pafupi ndi pompi, ladzaza utuchi, ndipo pansi pake pali tizitini tawo ta mbande tochita dzimbiri.

Pafupi ndi chitsa cha jakaranda ndinapeza kambande kamene kanamera kokha, kotalika ngati chala. Ndinakazula ndi supuni imene ndinabisa m'chitenje, ndinakaika m'chitini chimodzi cha mkuluyo. Kali pawindo langa, ndikukathirira madzi opanda sopo. Esinati wati khasu la atate ake lilipo, ndikalifuna ndikatenge. Malo sindinawapeze, koma ndiwapeza, kaya kuseri kwa tchalitchi, kaya m'mbali mwa msewu wa ku Chelstone. Kukumba ndikumba ndekha, mphamvu ndidakali nazo.

Ndisanatuluke ndinaima pamene panali gwafa uja, pafupi ndi pompi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatsokomola kamodzi, monga tinkachitira tikatha kukwirira. Kumsewu wa ku Woodlands kunali malata okhaokha, ndipo panalibe wocheuka.